Khungu la kwa Gondwe

Roodepoort, Joni
12 Meyi 2024

Monire NyaMhango,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu Wiza ndi anansi onse a pa Chiputula. Ine kuno ndili makora, Chiuta akundisunga. Bondo lija linasiya kuvuta. Ndikudya, ndikugona, ndipo ntchito ya m'gadeni mwa Madamu ikuyenda. Masamba akuyoyoka tsiku lililonse, ine n'kumasesa, mawa ayoyokanso. Ntchito yotere munthu sachotsedwa msanga.

Munafunsa chifukwa chake sindiimba foni ngati amuna a anzanu. Foni ya pakhomopo ndi ya Wiza, ndipo mwana ameneyo amakweza mawu anga kuti nyumba yonse imve, mpaka nkhuku. Kalata mumawerenga nokha n'kuipinda. Zondiwe wa lole ya katundu uja amadutsa kuno pafupipafupi, ndiye positi ofesi yathu ndi ameneyo.

Ndamupatsira bulangete lalikulu la chisanu cha ku Mzuzu, mafuta ophikira, shuga, ndi ndalama ya mmisiri woti akonze khonde. Matabwa musagule kwa munthu wa pamsika uja, amagulitsa aawisi.

Tsopano nkhani ya dzina. Mwalemba kuti mwana wa Fiskani wathu mpaka lero akungotchedwa Bebi, chonsecho wayamba kukwawa, ndipo abusa akufuna dzina ubatizo wa mu Disembala usanafike. Mwati Fiskani wakana kutcha yekha, akuti kwathu dzina la mwana woyamba limachokera kwa asekuru ake, agogo aamuna. Mwambo waukumbuka liti mnyamata ameneyu? Pamene ankakwatira mtsikana wa ku Dedza uja, Rhoda, anakumbuka kuti ali ndi bambo? Ndinawapempha kuti adikire mpaka zinthu zanga za kuno zilongosoke. Mukudziwa kuti mmene zilili pano, ndikatuluka m'dziko muno sindilowanso. Sanadikire. Mng'ono wanga Foster anakakhala pa mpando wanga, nakambirana ndi akuchikazi ngati ine ndinaikidwa kale m'manda. Ukwati wa mwana wanga ndinauonera pa foni ya Zondiwe, titaimirira pamalo omwetsera mafuta.

Ndiye dzinalo akapemphe kwa Foster yemweyo. Koma ayi, asapemphe kwa Foster. Foster akangotcha mwana ameneyo, ine pakhomopo sindidzapondanso. Akandikakamiza, dzina ndili nalo kale: Mwaniluwa, poti anandiiwaladi. Aliyense woitana mwanayo azikumbuka zimene anandichita.

Mwatinso mwanayo watuluka zidzolo m'masaya ndipo akudzikanda mpaka kulira. Umenewo ndi uve. Atsikana a masiku ano amasambitsa mwana ngati akutsuka supuni. M'katundumo muli sopo wamankhwala wa kuno, wa fungo lamphamvu, ndi mafuta odzola onunkhira maluwa. Mumupatse mkazi wa Fiskani. Musanene kuti ndi mphatso, chifukwa si mphatso.

Khalani makora.
Ndine mwamuna wanu,
Solomon Gondwe


Roodepoort
23 Juni 2024

Monire NyaMhango,

Yewo chomene chifukwa cha kalata yanu, mpunga ndi usipa. Ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti khonde latha. Ine moyo ulipo.

Kuno chisanu chafika pa fupa. M'mawa udzu umayera ngati wathiridwa mchere, ndipo madzi a m'paipi amaluma. Koma sindikudandaula. Madamu andipatsa chikhothi cha malemu amuna awo ndi hita ya magetsi. Kuseri kwa kanyumba ka zipangizo ndadzalako mpiru ndi chainizi. Lamlungu ndikachokera kutchalitchi ndimakhala pamenepo, padzuwa, ndi tiyi wanga, osayankhula ndi munthu. Munthu wa zaka zanga angafunenso chiyani?

Ku tauni ndasiya kupitako. Kuli anyamata ena amene akuima m'misewu kufunsa anthu mapepala, koma si apolisi. Za izi tidzakamba maso ndi maso. Wiza musamuuze.

Manja avutanso pang'ono monga amachitira chaka chilichonse. Mukudziwa. Ndikuvala magolovesi.

Zondiwe atabwera sanadikire n'komwe kuti akhale pansi. Akuti, "Asekuru, mdzukulu wanu ndamuona. Mphuno ndi yanu."

Ine ndinati, "Mphuno za makanda zonse n'zofanana."

Iye akuti, "Ayi, iyo ndi ya kwa Gondwe. Mvula ikamagwa, imayamba kunyowa ndi iyo, mutu pambuyo."

Ndinamuuza kuti ayang'ane msewu ndi matayala ake, za mphuno za anthu azisiye. Anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi wanga. Munthu ameneyu ndimamupirira chifukwa chakuti katundu safika wosowa.

Koma anandiuzanso kuti mwanayo khungu lake lafika poipa, masaya aderako ndipo auma ngati khungwa, ndiye amayi ake akumumanga masokosi m'manja kuti asadzikande. Inunso mwalemba kuti chiyambireni sopo uja zawonjezeka. Sopo alibe mlandu. Kuno azungu amagula yemweyo. Vuto ndi wosambitsa. Mwina akungomupaka pamwamba chifukwa choopa kulira kwa mwana. Mankhwala akamawawa ndiye kuti akugwira ntchito.

Ndiye mverani. Mumutenge mwanayo akhale nanu pa Chiputula masabata angapo. Inu munalera ana asanu, palibe amene anatuluka mphere. Muzimusambitsa m'mawa ndi madzulo ndi sopo ameneyo, thovu lizichita kuoneka. Ndatumizanso botolo la mankhwala onunkhiritsa zovala, muzithira potsukuluza matewera ndi timalaya take. Mkazi wa Fiskani aphunzire poonera.

Musaganize kuti ndikuchita izi chifukwa ndafewa. Za dzina mawu anga ndi omwe aja. Kungoti anthu kutchalitchi akamaona mwana wa zilonda amati ndi wa kwa Gondwe, sanena kuti ndi wa ku Dedza.

Ndalama ndatumizayi ina mugule makala, ina mupereke kwa a chigwirizano pa maliro a NyaBanda. Mundipepesere kwa ana awo.

Ndine,
Solomon


Roodepoort
4 Ogasiti 2024

NyaMhango,

Monire. Ndamva kuti chimfine chinakugwirani koma mwachira. Tiyamike Chiuta. Ine ndili bwino ndithu. Mphepo ya mwezi uno ndi ya fumbi, koma mpiru wanga wakula, ndayamba kuthyola. Madamu anaulawa, akuti ukuwawa. Ndiye ndiwo zonse ndi zanga.

Kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mwana atakhala kwanu khungu linayamba kuchucha madzi, usiku osagona, mpaka Rhoda anabwera kuchokera ku Nkhorongo kudzamutenga. Mwati anagwada pakhomo n'kunena kuti, "Amama, ndikhululukireni, koma sopo wa adada ndikusiya." Kuchipatala anamuuza kuti si mphere, si uve, ndipo sizipatsirana. Akuti khungu la mwanayo limadana ndi zonunkhira, azingomusambitsa ndi madzi ofunda kamodzi patsiku n'kumupaka vaselini wopanda fungo, ndi kamankhwala kena kamene anamupatsa.

Chabwino. Madokotala anaphunzira, ine ndinalekera Sitandade sikisi. Koma mundiuze, kodi n'zoona zimene wandiuza Zondiwe, kuti sopo wanga akuchapira masokosi a Fiskani? Sopo wochokera ku Joni, wodutsa maboda atatu? Mukanangomubweza. Ndipo inu mwalemba kuti "mwana wayamba kugona" ngati mukundiseka. Ine sindinafune kuti mwana asagone. Ndinatumiza chimene ndinali nacho.

Pa kugwada paja, ndiye kuti mtsikanayo ulemu anaphunzitsidwa. Zimenezo sindikana. A ku Dedza kugwada amadziwa. Koma kugwada si kudikira.

Foster akuti anabwera kudzaona khonde. Analiona? Analiyamikira? Iye lake la ku Mzilawaingwe linagwa chaka chatha, mpaka lero akutchinga ndi pulasitiki. Munthu wolephera khonde lake ndi amene anakayendetsa ukwati wa mwana wanga. Akadzabweranso mumupatse tiyi, koma za dzina asatsegule pakamwa.

Pali mzere wina m'kalata yanu. Mwalemba kuti m'masaya mwapola, koma zidzolozo zasamukira mopindikira mikono ndi kuseri kwa mawondo, ndipo zimakula kukazizira. Pansi pa mawu amenewa mwadula mzere ndi bolopeni. Chikwatirane simunadulepo mzere pansi pa mawu alionse. Mukufuna kunena chiyani? Ndawerenga pamenepo kawiri.

Kunoko galu wa Madamu nayenso amadzikanda. Ali ndi dokotala wakewake ndi chakudya chakechake cha m'thumba la siliva. Akuti nyama ya nkhuku imamuyabwitsa. Ndinaseka ndekha m'gadeni. Kwathu galu wokana nkhuku tikanamuitanira abusa.

Mnzanga uja wa ku Rumphi amene tinkapemphera naye sakuonekanso. Anamugwira pa siteshoni. Ena akuti ali kale pa basi yobwerera kumudzi. Ine ndili kuseri kwa mpanda, musadandaule.

Feteleza muyambe kufunsa mitengo panopa, isanakwere. Ndalama yake ndidzatumiza ulendo wamawa.

Mwamuna wanu,
Solomon


Roodepoort
15 Seputembala 2024

Monire NyaMhango,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine tsopano ndili bwino, koma sabata yatha ndinadwalako. Musachite mantha, zatha.

Mukudziwa mmene ndimachitira mitengo ikayamba maluwa. Chaka chino zinanyanya. Kuyetsemula, maso kuyabwa, kenako chifuwa kulira ngati muli kamwana ka mphaka. Lachiwiri ndikutchetcha kapinga ndinangokhala pansi, mpweya osakwana. Madamu anandiona pawindo, n'kunditengera kukiliniki pa galimoto yawo. Ine ndinkakana chifukwa cha nkhani ya mapepala ija, koma iwo anati, "Solomon, lowa m'galimoto." Analipira okha.

Nesi wake anali mayi wachikulire, wonenepa, wosanyengerera. Atandipumitsa mankhwala anati ndikwinye malaya kuti andiyeze. Ine malaya a manja aafupi sindivala, inu mukudziwa chifukwa chake. Anayang'ana mopindikira mikono, anayang'ana manja, n'kunena kuti, "Baba, izi zinayamba liti?"

Ndinati, "Ndinabadwa nazo."

"Mumasamba sopo wanji?"

Nditamutchula, anagwira mutu. Akuti, "Ameneyo ndi wotsukira m'bafa, osati nkhalamba."

Ndiye anandifotokozera, ndipo ndikulemba mmene ndinamvera. Akuti khungu louma loyabwali, kuyetsemula kwa nthawi ya maluwa, ndi mphumu, zitatuzi n'zapachibale. Thupi la munthu wotere limachita ndewu ndi zinthu zosalakwa: fumbi, mungu wa maluwa, zonunkhira, ubweya, mwina chakudya. Kwa wina ndewuyo imaonekera pakhungu, kwa wina m'mphuno, kwa wina m'chifuwa, kwa ine konsekonse. Akuti kawirikawiri zimayenda m'magazi a banja.

Anafunsa kuti, "Pali chakudya chimene chimakudwalitsani?"

Ndinati mtedza, skawa zathu zija. Ndinamuuza za tsiku lija ndili mnyamata kumudzi, pamene ndinadya skawa zokazinga n'kutupa nkhope mpaka maso kutsekeka, adada n'kundinyamula kumsana. Adada nawonso sankadya zotendera, ndipo khungu lawo linali ngati langali. Ife tinkangoti ndi khungu la kwa Gondwe, chinthu chobisa m'malaya.

Kenako anafunsa kuti, "Kwanu aliponso wina wotere? Ana? Adzukulu?"

Ndinati palibe. Iye akulemba, ine ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Mdzukulu alipo." Mawuwo anangotuluka okha.

Akuti mwana woyamba ndi khungu lotere ali khanda ayenera kuyang'aniridwa, chifukwa ena mwa iwo amadzadana ndi zakudya monga mazira kapena mtedza, ena amadzakhala ndi mphumu. Si onse ayi. Koma popeza asekuru ake ndi otere, makolo akafunse kuchipatala asanamupatse nsinjiro. Ndipo akadzaona milomo ikutupa, ziwengo thupi lonse, kapena kubanika, asadikire kuti kuche, athamange.

Ndiye NyaMhango, kalata ino ikangofika, pitani ku Nkhorongo mukawauze. Phala la nsinjiro ayambe aleka. Ndinaganiza zoimba foni, koma nkhani ya khungu langa si yoti Wiza aziulutsa nyumba yonse. Zondiwe anyamuka Lachitatu, sachedwa.

Andipatsa kapampu kopumira ndi chibotolo cha mafuta oyera opanda fungo. Manja ayamba kale kufewa. Dzulo ndinagwira kapu ya tiyi osamva kuwawa. Zaka zonsezi!

Dzina lija ndinatchula mu Meyi musaliuze munthu. Sindinati ndasintha maganizo. Ndangoti musaliuze munthu.

Ndine,
Solomon


Roodepoort
13 Okutobala 2024

NyaMhango,

Monire. Ine ndili bwino. Za ine zisiyeni.

Tinayankhula pa foni, koma pa foni ine mawu amandithawa, ndiye ndilembe. Zondiwe wandiuza kuti lole inafera ku Tete, anakhala kumeneko kudikira chitsulo chochokera kuno, kalata yanga ili m'thumba la jekete lake. Inafika m'manja mwanu mwana atatuluka kale m'chipatala. Zondiwe analira pondiuza. Ndinamuuza kuti asalire, iye si amene anapanga lole. Foni inalipo. Basi, ndisapitirire.

Ndifuna ndione ngati ndamva bwino, chifukwa Wiza ankayankhula mothamanga. Rhoda anapita ndi mwana ku Mzilawaingwe kukaona mlamu wanga Tina, mkazi wa Foster. Rhoda ali kuseri kuthandiza kuchapa, Tina anapatsa mwana phala lotendera limene anaphikira adzukulu ake. Posakhalitsa milomo inatupa, ziwengo thupi lonse, kulira kwake kosamveka bwino. Azimayi anayamba kufunafuna chimene chamuluma, wina akuti njuchi, wina akuti kangaude. Foster anali pakhonde lake lakugwa lija. Atangomuona mwana anati, "Izi ndi za akulu anga. Mwamupatsa skawa?" Sanavale n'komwe nsapato. Anamunyamula, kuimitsa njinga yamoto, mpaka kuchipatala chachikulu, kumene anamubaya jakisoni n'kumuika pa mpweya.

Ndi choncho? Ngati ndi choncho, ndiye kuti Foster anakumbuka. Tsiku lija la kumudzi iye anali kamwana, ankathamanga pambuyo pa adada akulira, atanyamula nsapato zanga. Ine ndinkaganiza kuti anaiwala zonse za ine.

Koma phalalo linaphikidwa m'nyumba mwake. Izinso zilembedwe.

Tina musamukalipire. Sankadziwa. Ndipo inu, NyaMhango, ndakudziwani tsopano. Wiza akuti Rhoda sanapatsepo mwanayo nsinjiro chibadwire chifukwa inu munamuletsa kalekale, mutangoona masaya aja. Ndiye kuti pamene ine ndinkalemba za uve, inu munali mutadziwa kale. M'nyumba mwathu simunaphikepo ndiwo zotendera chilowereni, ndipo mikono yanga mumaidziwa kuposa ine mwini. Munangondisiya ndizitumiza sopo. Bwanji osandiuza poyera? Ndikudziwa yankho lanu. Mukanandiuza ndikanakana.

Pa foni paja, Rhoda atatenga kuti andipatse moni, anati, "Adada, muyankhuleni, akumva." Ine sindinadziwe choti ndinene kwa munthu wopanda dzina. Ndinangoti, "Iwe." Ndiye mwanayo anaseka. Kasekedwe kake kali ndi kamluzu pang'ono kumapeto. Mukawauze kuti akamuyezetsenso chifuwa, asadikire. Chithunzi chimene Wiza anatumiza pa foni ya Zondiwe ndachiona. Pa nkhani ya mphuno, Zondiwe sananame kwenikweni.

Ndalama ya feteleza ija, ngati yapita kuchipatala ndi pa njinga, yapita bwino. Ina ikubwera.

Kuno mitengo ya jakaranda yachita maluwa, msewu wonse wasanduka wa pepo ngati yunifolomu ya kwaya. Ndikusesa nditamanga kansalu pamphuno, kapampu kali m'thumba. Madamu akuti ndikuoneka ngati wakuba. Ndikupuma bwino.

Solomon


Roodepoort
24 Novembala 2024

Monire NyaMhango,

Yewo chomene chifukwa cha kalata yanu. Ndakondwa kumva kuti mvula yayamba bwino, mwadzala, ndiponso kuti mwana wayamba kuyenda chogwira mipando. Ine ndili makora chomene. Mvula ya kuno yatsitsa fumbi, chifuwa chili zii. Lamlungu lapitali ndinapita kutchalitchi nditavala malaya a manja aafupi. Palibe amene anayang'ana. Ndinakhumudwa pang'ono.

Ulendo uno Zondiwe ndamuuza kuti lole ikafanso, kalata ino aikweze basi. M'katundu muli nsapato zanu za Khirisimasi, shuga, ndi zibotolo ziwiri za mafuta oyera aja, ofanana ndi anga. Muli kadiresi koyera ka ubatizo. Madamu anandithandiza kusankha, ndi ka thonje lokhalokha, kopanda zoluma m'khosi. Mukachape kaye ndi madzi okha.

Mawu awa mukawerengere mkamwana wanga Rhoda. Mama, ine ndakhala m'khungu limeneli zaka zambiri, ndiye mverani zimene ndikudziwa. Muzimupaka mafuta akangotuluka m'madzi, thupi lisanaume. Zikhadabo muzimuwenga. Bulangete laubweya lisamukhudze, muziyamba mwayala nsalu. Thukuta limayabwitsa, musamuveke zambiri pobereka. Akamadzikanda musamumenye pa dzanja, sachitira dala. Ine ankandimenya, sizinathandize. Aliyense womusiyira mwana, kaya ndi wachibale, kaya ndi wa kutchalitchi, muzimuuza za mtedza poyera, musachite manyazi ngati mmene tinkachitira ife. Zina zonse muzitsata za kuchipatala. Mwanayo mwamusamala bwino. Ndanena.

Pa phwando la ubatizo pasapezeke ndiwo zotendera, ngakhale chiponde, ngakhale mtedza wokazinga wa ana. Wofuna zotendera akadye kwawo.

Fiskani mumuuze kuti kalata yake ndalandira. Analemba masamba atatu, kupepesa kuli pa tsamba lachitatu, pansi penipeni. Komabe kulipo. Ndidzamuyankha ndikapeza nthawi. Za ukwati uja sindinaiwale, ndipo tsiku limene ndidzafike pa Chiputula tidzakhala pansi amuna okhaokha, aliyense adzanene zake. Lidzakhala liti tsikulo sindikudziwa. Madamu akuti pali munthu wina wodziwa za mapepala amene akufuna akandionetse. Tiona.

Tsopano dzina. Ndakhala ndikuliyesa m'gadeni muno, kuliitana mokweza kuti ndimve mmene likumvekera munthu akamaitana mwana kuti abwere adzadye. Galu wa Madamu wayamba kubwera ndikaitana. Ndiye kuti likumveka bwino.

Mwanayo ndi Lusungu. Lusungu Gondwe. Chiuta anatichitira lusungu, chifundo chenicheni, pa njinga ija, ndipo sindikufuna kuti mwana asenze mkwiyo wa nkhalamba moyo wake wonse. Wasenza kale khungu langa, n'zokwanira.

Mwafunsa kuti adzaimirire ndani m'malo mwanga kunena dzinali pamaso pa abusa ndi akuchikazi. Ndaganiza masiku ambiri. Inu simungathe, mudzalira. Fiskani ndi mwana. Ndiye akanene Foster, popeza ndiye anathamanga naye wopanda nsapato.

Koma mumuuze bwinobwino, ndipo Wiza akhale pafupi ndi foni kuti ndidzamve ndekha, akweze mawu mmene amachitira muja. Foster akaimirira, asayambe ndi nkhani zake zazitali. Ayambe ndi mawu awa: "Akulu anga a Solomon Gondwe, amene ali moyo ku Joni, andituma kuti ndinene." Akatero anene dzina, n'kukhala pansi.

Akadumpha mawu amenewo, ndidzamva.

Mundipsompsonere Lusungu pamphumi, osati m'masaya.

Ndine mwamuna wanu,
Solomon Gondwe